Pa Hositelo ya Ophunzira: Kodi Bungwe la Apantchito Liyankhulire Yani?

Amayi anzanga, ambiri a ife tili ndi mwana kapena mdzukulu amene amagona pa hositelo ya sekondale kapena ya koleji. Tikapita kukamuona timayang'ana ngati wanenepa, ngati pogona pake pali paukhondo, ngati madzi akutuluka pampopi. Zonsezo zili m'manja mwa anthu amene kawirikawiri sitiwafunsa n'komwe dzina: ophika amene amasonkha moto m'bandakucha, okolopa m'zimbudzi, ochapa, alonda, okonza mipope, ndi metironi amene amadzutsidwa pakati pa usiku mtsikana akadwala. Ena mwa anthu amenewa ndi amayi a m'bungwe lathu lomwe lino. Enanso a inu muli m'makomiti oyendetsa sukulu za mpingo, ndiye kuti muli mbali ya owalemba ntchito. Phunziro la mwezi uno ndi la mbali zonse ziwiri.

Antchito akafuna kukambirana ndi abwana za malipiro, maola ogwirira ntchito kapena tchuthi, amayambitsa kapena kulowa bungwe la apantchito, limene ambiri timangoti yuniyoni. Koma zokambiranazo zisanayambe pamakhala funso lina, looneka laling'ono: kodi bungweli likakhala pansi ndi abwana, likhala likuyankhulira yani? Anthu amene bungwe likuwayimira pa zokambirana m'Chingerezi amawatcha bargaining unit. Ine ndizingoti gulu loyimiridwa. Mgwirizano ukasainidwa umagwira ntchito kwa anthu a m'gulu limenelo, ndipo amene ali kunja amatsala ndi zomwe anali nazo dzulo. Zili ngati kaundula wa makuponi a feteleza. Minda ingayandikane, mvula n'kugwa imodzimodzi, koma amene dzina lake mulibe m'kaundula amabwerera chimanjamanja.

Lamulo lathu

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, mu gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa, wolandira malipiro oyenera, ndi woyambitsa kapena kulowa bungwe la apantchito. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 ndi limene limafotokoza kayendetsedwe ka zimenezi. Limaletsa bwana kuchotsa ntchito kapena kusala munthu chifukwa choti walowa bungwe. Limanenanso kuti pamalo a ntchito, bungwe likakhala ndi mamembala okwana 20 mwa antchito 100 aliwonse, bwana ayenera kulivomereza ndi kukambirana nalo. Pakabuka kusamvana, anthu amayamba apita ku ofesi ya zantchito, kuja timati ku leba, ndipo nkhani ikakanika imakathera ku khothi la Industrial Relations Court. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ndi amene lamuloli lidawasiya pambali. Ophika ndi okolopa a pa hositelo likuwakhudza, kaya sukuluyo ndi ya boma, ya mpingo kapena ya munthu.

Tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ambiri. Kulowa bungwe ndi ufulu wa munthu payekha, palibe angamuletse. Kukhala m'gulu loyimiridwa ndi nkhani ina: pamenepo pamafunika kugwirizana, ndipo ngati mbali ziwirizo sizikumvana, wina amagamula. Munthu akhoza kumadulidwa ndalama ya umembala mwezi ndi mwezi koma mgwirizano wa malipiro osamukhudza, chifukwa ntchito yake idaikidwa kunja kwa malire.

Masamu a malire

Tiyerekeze koleji imene ili ndi antchito 100. Theka ndi aphunzitsi ndi a mu ofesi. Theka linalo, anthu 50, ndi a kumahositelo: ophika 14, okolopa 16, ochapa anayi, alonda khumi, okonza mipope ndi magetsi anayi, ndi mametironi awiri. Tinene kuti anthu 12 a kumahositelo alowa bungwe. Mukawerengera koleji yonse, 12 mwa 100 sakwana muyezo uja wa 20. Mukawerengera a kumahositelo okha, 12 mwa 50 ndi chimodzimodzi 24 mwa 100, ndipo muyezo wapitirira. Anthu ake ndi omwewo, madandaulo ake ndi omwewo. Chasintha ndi pamene mwazika chikhomo cha malire.

N'chifukwa chake nkhaniyi imakhala ndi mkokemkoke. Bwana amene sakufuna bungwe nthawi zina amalimbikira kuti gulu likhale lalikulu, kuti mamembala aoneke ochepa. Nthawi zina amachita zosemphana: amachotsamo anthu mmodzimmodzi, uyu ndi kapitawo, uyu ndi waganyu, uyu ndi wa kampani ina, mpaka gulu litsale lofooka. Nawonso atsogoleri a bungwe si angelo. Amakonda gulu limene akudziwa kuti apezamo mamembala msanga, ngakhale litasiya kunja anthu ovutikitsitsa.

Gulu laling'ono silivuta kulisonkhanitsa, koma mawu ake salemera. Ochapa anayi okha atanyanyala ntchito, koleji ikhoza kungouza ophunzira kuti azichapa okha. Gulu lalikulu limamveka, koma lili ndi vuto lake: mukaphatikiza aphunzitsi a madigiri ndi okolopa, amene amadziwa kulemba makalata m'Chingerezi ndiwo amatenga mipando, ndipo pa zokambirana nkhani ya alawansi ya maulendo imadya tsiku lonse pamene ya magolovesi imasungidwira msonkhano wotsatira. Musaione yochepa nkhani ya magolovesiyo. Pa kolera wa 2022 ndi 2023, uja adachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, amene ankagwira klorini ndi kutsuka zimbudzi tsiku ndi tsiku anali okolopa. Manja osweka ndi mankhwala ndawaona ambiri, ndipo eni ake sakhala aphunzitsi.

Maiko amene akhala akulimbana ndi funsoli kwa nthawi yaitali adapeza njira yoliyezera. Ku America kuli bungwe la boma lotchedwa National Labor Relations Board, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1935, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kugamula za malire amenewa pa makampani ndi sukulu zomwe si za boma. Limafunsa ngati anthuwo zowawa zawo ndi zofanana: kodi amawayang'anira ndi munthu mmodzi? Kodi amagwira malo amodzi, maola ofanana, pa malipiro oyandikana? Kodi wina akadwala mnzake wa mbali ina amatha kumugwirira? Kodi amaonana pa ntchito? Lamulo lawo si lathu, koma mafunsowo akhoza kutithandiza. Mukawafunsa pa hositelo, ophika, okolopa ndi ochapa amagwera pamodzi mosavuta. Amalowa pa geti imodzi, amayankha kwa metironi mmodzi, ndipo tsiku la phwando la omaliza maphunziro wokolopa amapezeka akusenda anyezi. Povuta ndi pa anthu a m'mphepete, ndipo pa hositelo alipo ambiri.

Metironi ali mbali iti?

Mkulu wa koleji ndi msungichuma savuta: iwo ndi amene amakhala tsidya lina la tebulo, ndipo sangakhale mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Nanga metironi? Amagawa ntchito m'mawa, amasunga makiyi a sitolo, amalemba amene wachedwa. Okolopa amamuona ngati bwana. Komatu malipiro ake nthawi zambiri saposa kwenikweni a wophika wamkulu, amagona m'kachipinda ka pa hositelo pomwepo, ndipo sadziwa kuti tsiku lake la ntchito limathera pati, pakuti chitseko chake chimagogodedwa nthawi iliyonse.

Ku America adaika m'lamulo mu 1947 kuti kapitawo weniweni asakhale m'gulu limodzi ndi anthu amene amawayang'anira. Koma sadasiyire dzina la udindo kuti ligamule. Kapitawo, malinga ndi lamulolo, ndi amene ali ndi mphamvu yolemba munthu ntchito, kumuchotsa, kumuyimitsa, kumukweza, kumusamutsa, kumulanga kapena kumugawira ntchito, ndipo pochita zimenezo amagwiritsa ntchito nzeru zake, osati kungotsatira ndandanda imene wina walemba.

Ife anamwino nkhaniyi idatikhudzapo. Mu 2006 bungwe lija lidaweruza mlandu wa chipatala cha Oakwood ku Michigan, wokhudza anamwino oyang'anira mawodi, aja timati a inchaji. Lidagamula kuti amene ali pa udindowo nthawi zonse, ndipo amasankha okha kuti namwino uyu asamalire wodwala uyu poona luso lake, ndi akapitawo. Koma amene amangosinthana uinchaji, lero uyu mawa wina, si akapitawo ayi ndipo akhoza kukhala m'gulu. Mabungwe a anamwino adadandaula kuti chigamulocho chidzapatsa zipatala njira yochotsera anthu ambiri m'gulu. Mantha awo ndimawamvetsa. Aliyense amene adagwirapo ntchito ya usiku m'chipinda chochirira amayi akudziwa kuti inchaji wa usiku ndi mzamba yemwe uja, wotopa chimodzimodzi, amene wangowonjezeredwa buku la malipoti.

Choncho za metironi musafunse kuti amatchedwa ndani. Funsani kuti adachitapo chiyani. Kodi alipo amene adalembedwa ntchito chifukwa iye wanena? Kodi angathe kuyimitsa wophika popanda kupita ku ofesi? Ngati iye amangopereka lipoti ndipo chigamulo chimachokera kwina, ndiye kuti ndi wantchito ngati anzake, ndipo kumusiya kunja n'kumusiya yekhayekha. Koma ngati mawu ake amathadi kuchotsetsa munthu ntchito, kukhala naye mu msonkhano wa bungwe kudzatseka pakamwa pa okolopa. Palibe angadandaule za kagawidwe ka ntchito wogawayo ali pompo. Metironi wotereyu ali ndi ufulu wolowa bungwe, koma ndi bwino ayimiridwe pamodzi ndi anzake a maudindo. Chenjeraninso ndi maudindo ongobadwa mwadzidzidzi. Bungwe likangoyamba kumveka, n'kuona wokolopa amene amayankhula kwambiri wapatsidwa dzina la supavaiza ndi kandalama kochepa pamwamba, ntchito yake ili yomweyo ya mopu, dziwani kuti wachotsedwa m'gulu mwaulemu.

Za alonda ndingonena mwachidule. Lamulo la ku America lomwe lija la 1947 silirola kuti alonda aikidwe m'gulu limodzi ndi antchito ena, poganiza kuti tsiku la sitalaka mlonda angasowe pogwira: kuteteza katundu wa bwana kapena kuyima ndi anzake. Kuno kwathu vuto la alonda limabwera mwa njira ina. Ambiri salembedwa ndi sukulu konse, koma ndi kampani ya zachitetezo.

Ogwira ntchito pano, olembedwa kwina

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Masiku ano makoleji ambiri amapereka khitchini, ukhondo ndi ulonda ku makampani apadera. Mayi amakolopa hositelo yomweyo zaka khumi, amadziwa wophunzira aliyense ndi dzina, koma papepala bwana wake ndi kampani imene ofesi yake ili m'tauni. Bungwe la antchito a pa koleji likamakambirana ndi akuluakulu a koleji, iwo amayankha kuti amenewo si anthu athu. Akapita ku kampani, imayankha kuti ndalama imene koleji imatipatsa ndi yomweyi. Kontirakiti ikatha n'kupatsidwa kampani ina, amayamba ngati watsopano, kapena amangouzidwa kuti asabwerenso.

Zimenezi zidachitika poyera ku South Africa. University of Cape Town idapereka ntchito zotere ku makampani cha m'ma 1999, ndipo antchito ambiri adaona malipiro awo akutsika ndi kutaya zina zimene ankalandira ali antchito a yunivesite. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu anthu amene ankaphikira ophunzira ndi kukolopa m'malo awo ogona anali kunja kwa zokambirana zapakati pa yunivesite ndi antchito ake. Zinthu zidatembenuka mu Okutobala 2015, pa nthawi ya zionetsero za ophunzira zokana kukwera kwa fizi, zija zidatchuka ndi dzina loti Fees Must Fall. Ophunzira adaphatikiza dandaulo la antchitowa ndi lawo. Mwezi womwewo akuluakulu a yunivesite adasainirana mgwirizano ndi bungwe la NEHAWU woti ntchito za ukhondo, zophika m'malo ogona ophunzira, zosamalira pabwalo, zachitetezo ndi zamabasi zibwerere m'manja mwa yunivesite. Mu Julayi 2016 anthu pafupifupi 1,000 adakhala antchito a yunivesite.

Chimene ndimaonapo ine n'chakuti antchitowa sadayambe ndi kupempha kuti awonjezeredwe pang'ono. Adalimbana ndi malire enieniwo. Adaona kuti bola ali kunja, chilichonse chimene angapeze chidzatha tsiku limene kontirakiti ya kampani idzathe. Sindikunena kuti koleji iliyonse ya kuno ingathe kuchita chimodzimodzi mawa. Makoleji athu ambiri amayendera fizi imene makolo amapereka mochedwa, ndipo ndalama yolipira antchito siigwa kumwamba. Koma pali zapakati. Antchito a kampani akhoza kulowa bungwe ndi kukambirana ndi kampaniyo. Bungwe la pa koleji likhoza kuika pa zokambirana zake mfundo yoti kampani iliyonse yopatsidwa kontirakiti izilipira mosachepera muyezo wakutiwakuti, izipereka zodzitetezera, ndiponso kuti kampani yatsopano izitenga antchito amene yawapeza. Komiti ya sukulu imene ikusaina kontirakiti ili ndi mphamvu yolemba zimenezi, ngakhale popanda bungwe kuikakamiza.

Pafupi ndi amenewa pali aganyu osatha. Hositelo imatseka pa holide, ndiye sukulu zina zimalemba ophika pa teremu pa teremu. Munthu amagwira miyezi itatu, amapuma osalipidwa, amabweranso, chaka ndi chaka. Pa kalembera wa gulu loyimiridwa amauzidwa kuti inu ndinu osakhazikika. Koma ntchito imene imabwera teremu iliyonse kwa zaka zisanu ndi yokhazikika. Chosakhazikika ndi pepala lokha. Ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi a msinkhu wobereka. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa mayi wapantchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mayi wa kontirakiti ya teremu akaoneka kuti ndi woyembekezera, kawirikawiri sachotsedwa ntchito. Amangosiyidwa osaitanidwa teremu yotsatira. Ena pozindikira zimenezi amamanga mimba ndi chitenje, amachedwa kuyamba sikelo, ndipo amanyamula mapoto olemera mpaka mwezi wotsiriza. Ife azamba timakumana nawo mochedwa, miyendo itatupa kale. Bungwe limene lasiya amayi otere kunja lasiya kunja anthu amene akulifuna koposa.

Wophunzira amene ndi wantchito

Tsopano funso limene kuno silinafike kwenikweni, koma lidzafika. M'mayunivesite a ku America muli ophunzira amene amasankhidwa kuti aziyang'anira anzawo m'malo ogona. Amawatcha resident assistants. Amakhala pa dyute usiku, amatsegulira amene wataya kiyi, amaletsa phokoso, amathamangira amene waledzera moopsa kapena amene akufuna kudzivulaza, ndipo amalemba malipoti. Malipiro awo kawirikawiri ndi chipinda chaulere, mwina ndi kandalama pamwamba. Kodi amenewa ndi ophunzira amene akuphunzira utsogoleri, kapena ndi antchito?

Pa University of Massachusetts Amherst, yunivesite ya boma, ophunzira oterewa adavota mu 2002 kuti alowe bungwe la United Auto Workers; ovomera adali 138, okana 88. Akuluakulu poyamba adakana kukambirana nawo, ponena kuti amenewa ndi ophunzira basi, koma patapita miyezi adavomera. Ku mayunivesite omwe si a boma nkhani idayenda mokhotakhota. National Labor Relations Board idagamula mu 2000, pa mlandu wa New York University, kuti ophunzira a maphunziro apamwamba amene amathandiza kuphunzitsa ndi antchito. Mu 2004, pa mlandu wa Brown University, idasintha n'kuti ayi, ndi ophunzira. Mu 2016, pa mlandu wa Columbia University, idabwereranso n'kunena kuti munthu akhoza kukhala zonse ziwiri nthawi imodzi: ngati akugwira ntchito molamulidwa ndi yunivesite ndipo akulipidwa, ndi wantchito, ngakhale akhale wophunzira. Kusinthasinthaku kudatsatira kusintha kwa boma, pakuti mamembala a bungwelo amasankhidwa ndi pulezidenti. Potsatira chigamulo cha Columbia, mu 2017 ofesi ya bungwelo idanena kuti oyang'anira malo ogona a pa George Washington University nawonso ndi antchito, ngakhale chisankho chawo chidalephereka pomwe bungwe limene linkawasonkhanitsa lidabwerera m'mbuyo kutatsala pang'ono kuvota.

Kwathu kuno tili ndi mapulifekiti ndi atsogoleri a mahositelo osankhidwa ndi anzawo. Amenewa, kwa ine, si antchito. Salipidwa, akhoza kutula udindo, ndipo ali ndi bungwe lawo la ophunzira. Koma tsiku limene koleji idzauze mtsikana wosauka kuti tikuchotsera fizi ya malo ogona ukamakhala pa dyute usiku katatu pa sabata, zinthu zidzakhala zitasintha. Chipinda chaulere ndi malipiro ndithu, ngakhale sichilowa m'thumba. Ndipo mtsikana ameneyo ali pangozi kuposa wantchito wamba, chifukwa akakangana ndi amene amamuyang'anira sataya ntchito yokha: amataya pogona, mwinanso sukulu imene.

Kodi ophunzira otere akhale m'gulu limodzi ndi ophika ndi okolopa? Ine ndikuona kuti ayi. Wophunzira adzachoka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo penshoni siimudetsa nkhawa. Chimene akufuna ndi maola ochepa nthawi ya mayeso. Wophika akuganiza za ukalamba wake. Ayimiridwe padera, koma magulu awiriwa azimvana pa mfundo imodzi: ophunzira asagwiritsidwe ntchito yolowa m'malo mwa antchito. Sukulu ikachepetsa okolopa n'kuuza ophunzira kuti kutsuka zimbudzi ndi mbali ya maphunziro, wina wataya ntchito ndipo wina akugwira ntchito yaulere. Kusesa chipinda chako n'kwabwino, tonse tidakula choncho. Kutsuka zimbudzi za anthu 200 ndi ntchito ya munthu wolipidwa, wokhala ndi magolovesi ndi nsapato za jombo.

Ife tikakhala olemba ntchito

Sukulu ndi makoleji ambiri okhala ndi mahositelo m'dziko muno ndi a mipingo, ndiye funsoli silili kutali nafe. Pali kamtima kena kamene kamabwera m'makomiti athu, koganiza kuti pamalo a mpingo bungwe la apantchito n'losafunika chifukwa tonse ndife banja limodzi. Chiphunzitso cha Mpingo sichinena choncho. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, adateteza ufulu wa antchito wopanga mabungwe awo, ndipo Papa John Paul wachiwiri adabwerezanso zomwezo mu Laborem Exercens mu 1981. Sadapatulepo antchito a mpingo. Wophika wa pa sukulu ya mishoni amagula sopo pa mtengo womwewo ndi wa pa sukulu ya boma.

Ena a inu muli ndi nyumba pafupi ndi koleji zimene mudazisandutsa mahositelo, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi kwina, ndipo mudalemba mtsikana mmodzi kapena awiri ndi mlonda. Pamenepo sipangakhale gulu loyimiridwa lenileni, anthu ake ndi ochepa. Koma kuchepa kwawo sikuchotsa lamulo la Employment Act. Malipiro osachepera muyezo wa boma, tsiku lopuma pa sabata ndi tchuthi cha uchembere ndi zawo ndithu, ndipo poti alibe bungwe lowayankhulira, zonse zatsamira pa inu.

Kwa amene muli pa ntchito ndipo bungwe likuyambika kwanu, kapena muli m'komiti imene yalandira kalata yopempha kuti bungwe livomerezedwe, yambani ndi kulemba mayina. Tengani pepala, lembani aliyense amene amagwira ntchito pa hositelopo kuyambira m'bandakucha mpaka m'bandakucha winawo, osati okhawo ali pa ndandanda ya malipiro ya ku ofesi. Pa dzina lililonse lembani amene amamulipira, amene amamuuza zochita, ndi zaka zimene wakhalapo. Mudzadabwa kuona kuti mayankho awiri oyambawo nthawi zambiri ndi anthu osiyana. Pepala limenelo pitani nalo ku leba kapena ku Malawi Congress of Trade Unions, akakuuzeni bungwe limene limayimira ntchito ya mtundu wanu ndi mmene chiwerengero chija cha 20 chiwerengedwere pamalo panu, musanasaine chilichonse chonena za amene ali mkati ndi amene ali kunja. Malire akangolembedwa mu mgwirizano woyamba savuta kuwasunga, koma kuwasuntha kumatenga zaka.

Ndipo yang'anirani tsiku la kalembera. Likaikidwa pa holide, ophika a pa teremu adzakhala ali kumudzi ndipo sadzawerengedwa. Lichitike sukulu ili mkati, pa ola limene a dyute ya usiku angathe kufika, ndipo wina akumbuke kufunsa dzina la mayi uja ali kunyumba ndi khanda.